Chitseko Chimene Isaura Sanatsegule

Ku Moatize, zaka zija malasha anakokera anthu a mitundu yonse m'tauni, Isaura ankadziwika ndi khalidwe limodzi: kutsegula zitseko za eni ake. Ntchito yake inali yoyendera malo antchito, kuona pamene moto ungayambire, ndi kuphunzitsa anthu chochita ukabuka. Makampani ang'onoang'ono okonza magalimoto a kumgodi, ophikira antchito, osunga matayala ndi mafuta, onse ankafuna pepala losainidwa ndi iye, chifukwa popanda pepalalo ntchito ya kumgodi sankaiona. Choncho ankamulandira ndi mano oyera, mtima uli kwina.

Lachinayi lina anali pagalaja ina m'mbali mwa msewu wopita ku Benga. Anayenda nyumba yonse, chipewa cholimba kumutu, mapepala m'khwapa, mpaka anaima pa kachitseko kobiriwira kuseri kwa ofesi. Mwini galajayo, a Germano, anayamba kupukuta thukuta.

“Umo mulibe kanthu, Dona Isaura. Ndi matsache okhaokha.”

“Ndiye ndione matsachewo.”

“Mfungulo yake anapita nayo mnzathu ku Tete.”

“Ndidikira. Ndipatseni mpando.”

Sipanathe nthawi, mfungulo ija inapezeka m'thumba la a Germano omwewo. Mkatimo munali zitini za penti, nsanza zonyowa ndi oyilo zitaunjikidwa, ndipo pamwamba pake panalendewera nthambo zamagetsi zolumikizidwa ndi pulasitiki wa shuga. Tsache linalimo limodzi. Isaura sanakalipe. Analemba, n'kuwauza kuti abweranso Lolemba.

Masana anasonkhanitsa amakaniko pabwalo. Phunziro lake linali ndi ndondomeko yosasintha, ndipo ankayamba ndi miyendo, osati manja.

“Choyamba, dziwani khomo lotulukira. Moto ukapitirira m'chiuno mwanu, si wanunso, tulukani. Mukatuluka musabwerere. Kaya mwasiyamo telefoni, kaya nsapato za ukwati, zisiyeni. Mwamva?”

“Nanga ndikasiyamo apongozi?” anafunsa wina kumbuyo.

“Inu ndiye sindikudandaula nanu, simungabwerere.”

Anthu ataseka n'kukhala chete, m'pamene ankatenga botolo lofiira lozimitsira moto lija, estintori, n'kuyatsa moto mumgolo wodula pakati. Solola kachitsulo. Loza patsinde pa moto. Finya. Sesa uku ndi uku. Aliyense ankayesa, ngakhale mlonda ndi mayi wophika tiyi.

Moto Isaura anaudziwa asanadziwe kuwerenga. Anali ndi zaka zitatu pamene nyumba yawo yaudzu ku Zóbuè inatenthedwa nthawi ya nkhondo. Bambo ake, a Teófilo, anamunyamula paphewa, mayi ake a Inácia atasenza mphika ndi bulangete, n'kuwolokera ku Malawi. Kumsasa wa othawa nkhondo n'kumene kunabadwira mlongo wake Valter. Mtendere utabwera anabwerera kwawo n'kupeza tchire lokhalokha. A Teófilo anaumba njerwa okha, kuziotcha okha, ndipo malata anagula limodzilimodzi kwa zaka zinayi. Chipinda chawo chogona anachiikira kazenera kakang'ono, kokwanira mutu wa munthu, n'kukhomerapo zitsulo zitatu. Tsiku lokhoma lata lomaliza anatsika pamakwerero n'kunena mawu amene pambuyo pake ankawabwereza kwa mlendo aliyense: “Moto ndinauthawa kamodzi. Nyumba ino ndi ya njerwa, siipsa.”

M'chipinda chimenecho ndi mmene munkapita chilichonse chamtengo: wailesi, khadi lakale la kumsasa, satifiketi ya Isaura ya maphunziro a zamoto. Isaura analowamo komaliza ali ndi zaka khumi ndi zitatu. Mwana wamkazi akatha msinkhu n'kulangizidwa, kuchipinda kwa bambo ake sapondako. Palibe amachita kukhoma chitseko. Ngakhale pamene a Inácia ankadwala matenda amene anawatenga, ankachita kuwatulutsira pabalaza kuti mwana wawo awasambitse.

Mwezi wachisanu ndi chinayi, Loweruka, Isaura anachoka kunyumba yake ya lendi m'dera la 25 de Setembro ku Moatize n'kukwera shapa, minibasi ya ku Zóbuè. Msewu umakwera, fumbi la malasha n'kutsala m'mbuyo, mphepo n'kuyamba kuzizirira. Potsika anaona Valter pamalo ake m'mphepete mwa msewu wa kumalire, atandandalika mabotolo a gazolina, petulo, pathandala, anyamata a njinga zamoto akuima n'kuthira. Geniyi anaiyamba chaka chomwecho ndipo inkamuyendera.

A Teófilo anawapeza pansi pa mtengo wa pichesi akusongola mpini.

“Afika a inspetora! Bisani mbaula!” anafuula, nkhope yonse ili mano.

Isaura anagwada n'kuwapatsa moni, kenaka analowetsa katundu m'nyumba. Atangoponda pabalaza mphuno yake inamva. Fungolo linali lochepa, losakanikirana ndi la chimanga ndi sopo, koma iye sakanalisokoneza ndi china. Anayendayenda ngati akufuna poika chikwama. Kumbali ya khitchini kunalibe. Kuchipinda kwa alendo kunalibe. Linkachokera pansi pa chitseko cha bambo ake.

Anatuluka n'kupita kumsewu.

“Iwe Valter, gazolina wako umasunga kuti?”

“Moni kaye, Mana,” anatero Valter, monga ankaitanira mlongo wake wamkuluyo.

“Moni. Umasunga kuti?”

Valter anayang'ana galimoto yodutsa. “Kwanga anandibera kawiri. Kwa Ababa ndiye kosalowa munthu.”

“Kuchipinda?”

“Timabotolo tiwiri totsala madzulo, basi. Inu ntchito yanu ija yakulowani m'mutu, Mana. Mukaona munthu akuyatsa fodya mumaona maliro.”

“Timabotolo tiwiri sitinunkha mpaka pabalaza.”

“Kalowenitu mukawerenge,” anatero Valter akuseka, chifukwa ankadziwa kuti sangalowe. Iyeyo chimwalirireni mayi awo ankalowamo, poti mwamuna ndi bambo ake saopana.

Mmawa wa Lamulungu a Teófilo analawirira kutchalitchi, poti anali a m'gulu lokonza mipando. Isaura anatsala yekha m'nyumba akumanga mpango. Anapita pachitseko chija. Chinalibe loko. Chinali ndi kachingwe chabe kokolekedwa pamsomali, kachingwe kakuda ndi manja a bambo ake. Anakagwira. Ntchito yake yonse inali imeneyi: kukoka, kusuzumira, kuwerenga, kutseka. Sizikanatenga nthawi yoposa kumwa kapu ya madzi, ndipo panalibe womuona.

Koma akanatani nazo zimene akanaonazo? Akanati, Ababa, ndaona zigubu mwakutimwakuti, iwo n'kufunsa kuti waziona bwanji. Anakumbukira azakhali ake atamukhazika pamphasa tsiku lomulangiza, chala chili m'mwamba. Anakumbukira mayi ake akukwawira pabalaza, akukana kuti mwana alowe. Anasiya kachingwe kaja, n'kutenga buku la nyimbo, n'kupita ku Misa.

Pa chakudya chamasana anayesa njira ya pakamwa.

“Ababa, Valter akuti amasungitsa gazolina kwa inu.”

“Amasungitsa. Ndi mwana wanga, akasungitse kwa yani?”

“Ndi wochuluka bwanji?”

“Wokwanira.”

“Gazolina safuna kugona ndi munthu, Ababa. Mpweya wake umayenda pansi ngati madzi. Ukakumana ndi kandulo kapena khala...”

“Zaura, mayi wanga, idya. Uko kumalasha amakulipira kuti uziopseza azungu ndi ma shefi, mabwana aja. Kuno ndi kwanu. Gogoda khomalo. Wamva? Njerwa imeneyo inapsa kale mu uvuni, ipsanso kachiwiri?”

“Njerwa siipsa, koma bedi limapsa. Mitengo ya denga imapsa.”

“Ndiye ubwere ndi pepala lako lija utitsekere nyumba,” anatero akuseka, n'kumukankhira mbale ya mbatata.

Asanakwere shapa anadutsira kwa azakhali ake a Emília, mlongo wawo wa a Teófilo, amene ankakhala kutsidya kwa khwawa ndi amuna awo a Tomé. Anawafotokozera zonse n'kuwapempha kuti akasuzumireko iwo.

“Ine? Kuchipinda kwa mlongo wanga? Wapenga kodi? Iwe n'kwapafupi, ine ndiye anganene kuti ndikufuna kumulodza.”

“Nanga titani, Azakhali?”

“Ukanakhala ndi mwana tikanatuma mdzukulu. Koma iwe unakwatiwa ndi zipewa zolimbazo.” Ataona kuti Isaura sakuseka anafewetsa mawu. “Ndimuuza Valter achotse. Pita bwino, usadzidwalitse.”

Valter anauzidwa, anavomera, ndipo sanachotse kanthu. Pa telefoni ankangoti mawa, Mana, ndikufuna kaye malata a kashedi.

Patatha milungu itatu Isaura anabweranso atanyamula estintori yatsopano yokulunga m'nsalu ya kapulana, ndi ina yakale yophunzitsira. Mumtima anati, ngati sindingatulutse gazolina, ndilowetse chozimitsira. Anakhoma msomali pabalaza, pafupi ndi khomo lotulukira panja, n'kupachikapo yatsopanoyo. Kenaka anakoka mgolo wakale kuseri kwa nyumba, kuponyamo masaka ndi timafuta pang'ono, n'kuitana bambo ake.

A Teófilo anabwera atavala jekete, ngati akupita kumsonkhano. Anaima chilili, manja kumbuyo.

“Ndakonzeka, aphunzitsi.”

Isaura anayamba monga ankayambira masiku onse. “Choyamba, Ababa, moto ukapitirira m'chiuno mwanu...”

“Ndiye nditani?”

“Mutuluke.”

“Ndithawe?” Kumwetulira kunachoka. “Nyumba yangayi? Ndithawirenso kuti, ku Malawi?”

Pagalaja akanayankha mosazengereza. Akanati inde, muthawe, ndipo musabwerere. Anthu mazana anali atamva mawu amenewo kuchokera pakamwa pake. Koma apa panaima nkhalamba yovala jekete yosapota m'zigongono, munthu amene anamunyamula paphewa kudutsa mapiri. Isaura anayang'ana pansi.

“Ayi, Ababa. Tiyeni tione kagwiridwe kake.”

Anayatsa moto mumgolo. A Teófilo anasolola kachitsulo, kuloza patsinde, kufinya. Ufa woyera unatuluka ndi mkokomo, iwo n'kudzidzimuka pang'ono, koma sanasiye. Anasesa uku ndi uku mpaka moto unazima. Nsidze ndi ndevu zawo zinayera mbuu.

“Waona? Waona, Zaura? Kamodzi n'kamodzi!”

“Mwaposa amakaniko anga onse.”

“Uwauze. Uwauze kuti ku Zóbuè kuli mkulu wina.” Anatola kachitsulo kaja pansi n'kukayang'anitsitsa. “Kanthu kakang'ono chonchi n'kamene kamatsekereza mphamvu yonseyi?”

Tsiku limenelo anasangalala kwambiri. Anaitana a Tomé kudzaona botolo lofiira pakhoma, kuwafotokozera masitepe anayi aja ngati anabadwa nawo. Pomuperekeza kumsewu anamukumbutsa za tsiku la Finados, lachiwiri la mwezi wa khumi ndi chimodzi, pamene mabanja amakalambula manda ndi kuyatsa makandulo.

“Ubwere ndi maluwa a pulasitiki aja amayi ako ankawakonda. Enieniwa mbuzi zimadya.”

M'shapa Isaura anadziuza kuti pa Finados adzamaliza phunzirolo. Adzawakhazika pansi bwinobwino, mwina pamanda pomwepo mitima ili yofewa, n'kuwauza za khomo ndi za kusabwerera. Adzamugwiranso Valter pakhosi.

Tsikulo linafika ndi dzuwa loswa mtengo. Shapa inachedwa kudzaza, ndipo inanyamuka ku Moatize dzuwa lili kale pamutu. Isaura anakhala pafupi ndi zenera, maluwa ali pamiyendo. Atayamba kukwera mapiri telefoni inalira. Anali a Emília, ndipo kumbuyo kwawo kunkamveka anthu akukuwa.

“Uli pati?”

“Tatsala pang'ono. Kwagwanji?”

“Bwera. Usapite kumanda. Bwera kunyumba.”

Utsi anauona asanatsike.

Makoma anali chiimire, monga ankanenera mwini wake. Denga la mbali ya kuchipinda ndi limene linagwera mkati, malata atapindika ngati masamba ouma. Anthu anali atazimitsa ndi ndowa za madzi a pachitsime ndi mchenga, ndipo tsopano anangoima m'magulu, ndowa zili m'manja. Atamuona anapatuka. Pansi pa mtengo wa pichesi panali mpando wa bambo ake, nsapato imodzi yopolishidwa, inzake isanapolishidwe, burashi ili pambali.

A Emília anamugwira m'mapewa n'kumukhazika pansi. Anamuuza mosazungulira, poti ndi mmene Isaura ankafunira zinthu.

Mmawa a Teófilo anayatsa kandulo m'chipinda, patsogolo pa chithunzi cha a Inácia, n'kuisiya pakampando kakafupi. Chakumasana Valter anabwera mothamanga. Anthu opita kumanda anali ambiri, njinga zamoto zinamumalizira mabotolo onse, ndiye analowa kukadzaza ena. Chigubu chinali chitafufuma ndi kutentha. Potsegula chinapuma, gazolina n'kutayikira pansi. Valter anatuluka manja ndi malaya zikuyaka, amayi a nyumba yoyandikana n'kumugwetsa pansi ndi kumufunditsa bulangete. Pano anali atamutengera kuchipatala.

“Nanga Ababa?”

“Anali panja, mwanawe. Anali apa, akupolisha nsapato. Sanapse ngakhale tsitsi.”

“Ndiye?”

“Anthu anayamba kukuwa kuti chofiira chija, chofiira chija chili kuti. A Tomé anasuzumira pabalaza, pamsomali palibe. Bambo ako anati, ndikudziwa pomwe chili. Anati ndimadziwa kagwiridwe kake, anandiphunzitsa mwana wanga.” A Emília anapukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu. “Tinawagwira jekete. Anaivula n'kutisiyira m'manja.”

Estintori ija a Teófilo anaichotsa pamsomali tsiku lomwelo Isaura atachoka. Anati pabalaza pamalowa aliyense, wina angaibe kapena kuiseweretsa. Anakaiika kumene ankaika zinthu zonse zamtengo.

Thupi anali atalitulutsa kale n'kulipititsa kwa a Tomé, litakulungidwa. Amuna anamuuza kuti asalione, ndipo sanalimbane nawo. Anaimirira, kupereka maluwa a pulasitiki aja kwa azakhali ake, n'kulowa m'nyumba.

Pabalaza panali madzi akuda ofika m'kakolo. Chitseko cha kuchipinda kunalibe, kunangotsala mahinjesi ndi msomali uja wa kachingwe. Isaura anaima pakhomopo. Kumbuyo kwake wina anati, “Mwana wamkazi uyo,” wina n'kumuuza kuti akhale chete. Analowa.

Chipindacho chinali chaching'ono kuposa mmene ankachikumbukira. Dzuwa linkalowa kuchokera kumwamba. Anachita zimene ankachita pa ntchito, poti mutu wake sunadziwe china chochita: anayamba kumanzere kwa khomo n'kuzungulira. Zitsulo za bedi. Wailesi yosungunuka. Kazenera, zitsulo zake zitatu zili nganganga. M'mbali mwa khoma munali mapulasitiki osungunuka atamatirira pansi, lililonse ndi chogwirira chake. Anawerenga. Zigubu zisanu ndi chimodzi, zazikulu, za malita makumi awiri. Akanakoka kachingwe kaja Lamulungu lija akanaziona zonse asanaponde n'komwe mkati.

Estintori inali pakati pa bedi ndi khoma, yakuda bii. Anaitembenuza ndi phazi, kenaka anagwada. Kachitsulo kanali katasololedwa. Anafufuza m'phulusa ndi zala mpaka anakapeza, pafupi pomwepo. Sitepe yoyamba anaichita bwino, monga anaphunzitsidwira.

M'pamene analira. Anthu panja anamva, amayi n'kuyamba nawo.

Anaika maliro tsiku lotsatira, pafupi ndi a Inácia, pamanda amene anali atangolambulidwa kumene. Maluwa aja anawagawa pawiri.

Valter anamusamutsira kuchipatala chachikulu ku Tete. Isaura anapitako tsiku lachitatu. Anamupeza manja onse atakulungidwa mpaka m'mapewa, mkazi wake akumumwetsa phala ndi sipuni. Atamuona anatembenukira kukhoma.

“Mana, nenani. Nenani zonse, ndikumva.”

Mawu anali nawo. Anawakonza njira yonse kuchokera ku Zóbuè: timabotolo tiwiri, mawa Mana, kalowenitu mukawerenge. Anayang'ana mabandeji aja, ndi khutu limodzi lopserera.

“Madokotala akuti zala zigwira?”

“Akuti zamanzere mwina.”

“Uzichita zimene akukuuza. Akamati pinda, uzipinda, ngakhale zipweteke.”

“Ndawapha ine, Mana.”

“Iwe unaika gazolina. Ine ndinaika chowabwezera mkati.” Anatenga sipuni m'manja mwa mlamu wake. “Yasamula.”

Anabwerera ku Zóbuè kukathandiza kusesa ndi kugawa zochepa zimene zinapulumuka. Ankagona kwa azakhali ake. Mmawa wa tsiku loti abwerere ku Moatize, atamanga kale chikwama, anapeza a Tomé ataima pakati pa balaza atavula chipewa. A Tomé anali munthu wosalankhulalankhula, mkulu wa mpingo, amene Isaura chikhalire sanakhalepo naye mphasa imodzi. A Emília anali pambali pawo, maso ali pansi.

“Mayi,” anatero a Tomé, “musanapite, tili ndi pempho.”

Anapita pachitseko cha kuchipinda kwawo, n'kuchikankha mpaka chinagunda khoma. Kenaka anapatuka.

Isaura anayang'ana azakhali ake, omwe aja anamukhazika pamphasa ali ndi zaka khumi ndi zitatu.

“Lowa,” anatero a Emília. “Usatiyang'ane ife. Lowa uone.”

Anavula nsapato n'kulowa. Anayamba kumanzere kwa khomo. Kuseri kwa chitseko kunali botolo la parafini lotsekedwa ndi chitsononkho. Pansi pa bedi panali matumba awiri a feteleza. Koloboyi anali pashelefu, pansi penipeni pa zovala zopachikidwa pachingwe. Zenera linali ndi zitsulo, ndipo chitseko chinali ndi mpiringidzo wolimba umene nkhalamba sikanautsegula msanga mu utsi.

“Parafiniyu atuluke lero, apite kukhitchini ya panja,” anatero. “Fetelezayu apite kunkhokwe. Zovalazi zichoke pamwamba pa nyali. A Tomé, chitsulo chimodzi cha pazenerapa mudule.”

“Tidula.”

“Tsopano bwerani nonse muime apa. Musanagwire chilichonse, ndikuuzeni choyamba.”

Nkhalamba ziwirizo zinalowa n'kuima pafupi ndi bedi lawo, manja kumbuyo. Isaura anapisa dzanja m'thumba la siketi, mmene munali kachitsulo kaja, n'kukafumbata.

“Moto ukapitirira m'chiuno mwanu, si wanunso. Mutuluke. Mukatuluka musabwerere.”

“Ngakhale mutatsala...” anayamba a Emília.

“Ngakhale mutatsala chiyani. Bwerezani.”

Anabwereza. Anawauza kuti abwerezenso, ndipo anabwereza kachiwiri, mokweza. Kenaka Isaura ananyamula botolo la parafini n'kutuluka nalo yekha, kukalisiya kukhitchini, n'kubwerera kudzavala nsapato. Shapa ya ku Moatize inali ikuimba kale hutala kumsewu.